Muyeso wa Chala cha a Tsidya

A Tsidya si dzina lawo lobadwa nalo. Anawapatsa ndi anthu a padoko, chifukwa m'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke pamadzi, ankaima kumbuyo kwa boti lawo n'kukuwa kuti, "Tsidya! Tsidya! Wopita tsidya akwere!" Anakuwa choncho ali mnyamata, anakuwa choncho atakwatira, mpaka imvi zinawapeza akukuwabe. Ngakhale akazi awo akakwiya ankati, "Inu a Tsidya inu," iwo n'kuvomera.

Ntchito yawo inali imodzi yokha, kuwolotsa anthu pamtsinje waukulu, kupita ndi kubwera. Amayi a madengu, aphunzitsi a njinga, odwala ogona pamphasa, mbuzi zomangidwa miyendo. Anayamba ndi kupalasa bwato la munthu wina, kenako anakhala wokapa madzi m'boti la injini, mpaka mwini wake atakalamba anawagulitsa botilo ndi zonse za m'kati mwake. Sanali munthu wolongolola. Akaliza injini n'kugwira chiwongolero, maso ankapita patali, ndipo wokwera akawafunsa kanthu ankamuyankha atafika kale tsidya linalo. Ena ankati ngonyada. Sikunali kunyada. Munthuyo ankalota ali maso.

Chimene ankalota kwambiri chinali madzi olowa m'injini. Injini ya boti ngati limenelo imazizira ndi madzi a mumtsinje momwemo. Pansi pa boti pali kabowo. Madzi amalowa pamenepo, n'kudutsa pampopi, n'kukwera m'paipi kukafika mu sefa. Sefayo ndi kamtsuko kokhala ndi kadengu ka timabowo m'kati mwake, kogwira udzu, mchenga ndi majumbo kuti zisafike kupampu. Madzi akasefedwa amazungulira m'mimba mwa injini, n'kutulukira kumbuyo pamodzi ndi utsi, ali ofunda. Sefa ikatsekeka madzi amaleka, injini imatentha, ndipo ukachedwa imafa.

Sefa ya a Tsidya inali yamkuwa, yobiriwira ndi ukalamba, yakale kuposa ana awo onse. M'kati mwake simunkaoneka. Choncho moyo wawo wonse madziwo ankangowamva ndi khutu ndi kuwaona m'maganizo. Ankaganiza za dontho lochokera kumapiri kumene iwo sanafikeko, limene ladutsa pamiyendo ya ng'ombe ndi pathovu la amayi ochapa, kenako n'kulowa mumdima wa sefa yawo, kupsa pang'ono m'injini, n'kubwerera kwa anzake. M'maloto amenewo madziwo ankakhala oyera mbee, oyenda mofatsa ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni ake. Nthawi zina ankadzifunsa ngati mtsinje wonsewo sunadutse kale m'boti lawo, pang'onopang'ono, pa zaka zonsezi. Zimenezi sanauzepo munthu.

M'dzenje la injini simunkalowa dzanja la wina. Mwana wawo womaliza, amene aliyense ankangomutcha Mzime ngakhale anali kale mayi wa ana ake, ankawathandiza padoko: kumanga chingwe, kukweza nkhalamba, kubweza oledzera. Ali mtsikana ankakonda kusuzumira m'dzenjemo, bambo ake n'kumuthamangitsa.

"Choka apo, ndiwe wamanzere iwe. Udzandimangira bawuti chobwerera."

Mzime anakula, anakwatiwa, banja linatha, anabwerera padoko. M'dzenje sanalowemo.

Nyamakazi inabwera mwakachetechete. Inayamba ndi mabatani a malaya, kenako zingwe za nsapato. Mfundo za zala zinatupa, zalazo n'kupindika ngati mizu. A Tsidya anayamba kuika manja m'matumba anthu akakhala pafupi, ndipo chiwongolero ankachikankha ndi zikhatho.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula, mtsinje utadzaza namasupuni, injini inasintha mawu boti lili pakati pa madzi. Kumbuyo kunayamba kutuluka utsi wouma. A Tsidya anadziwa kuti sefa yatsekeka. Anazimitsa injini, anatseka mpopi, anagwada monga anali atachitira kambirimbiri. Koma mabawuti a chivundikiro anakana. Sipanala inkawapulumuka m'manja, akaitola n'kupulumukanso. Boti linayamba kutsetsereka cham'mbali kulowera kumunsi, kumene kuli zipilala za mlatho wa njanji. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza. A Tsidya anatola hamala n'kumenya bawuti, ndipo mkuwa wokalambawo unang'aluka kuyambira pakamwa mpaka pansi. Anawapulumutsa ndi asodzi amene anawaponyera chingwe, ndere za pazipilala zija zikuonekera kale. Mzime anaona zonsezi ali chilili padoko, manja ali kumutu.

Akazi awo sanakalipe, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukalipa. Masana ake anawakhazika pakhonde n'kuyamba kuwapaka mafuta m'zala, chimodzichimodzi.

"Bambo a Mzime, anthu aja anali a eni ake."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mverani. Ine ndi mwanayu tagwirizana. Sefa mugule, boti likonzedwe. Koma sefa imene mugule muitsegule nokha, ife tikuona. Ikakukanikani, pamadzi simupitanso. Mukhala pompano muzindipirikitsira nkhuku."

"Nkhuku zanuzo zilibe tsidya."

"Zili nalo. Tsidya lake ndi dimba la aneba, ndipo zimawoloka bwino kuposa inu."

A Tsidya sanaseke. Anayang'ana manja awo ali pamwendo pa akazi awo, akunyezimira mafuta, ngati ndi a munthu wina.

M'mawa mwake anakonzeka kupita kutauni. Mzime anawatsekereza pachipata atanyamula mpeni.

"Bambo, ndikadule kachidutswa ka paipi mutenge, mukayesere komweko."

"Paipi yanga isadulidwe. Muyeso ndili nawo."

Anamuonetsa chala chachikulu cha kudzanja lamanja. Zimenezi zinali zoona. Chiyambire kukhala ndi botilo, chala chimenecho chinkalowa pakamwa pa paipi ya madzi mpaka pamfundo, n'kukhala thithithi, osatsala mpata. Paipi iliyonse, kachitsulo kalikonse kolumikizira, anagula ndi chala chomwecho, ndipo sanaphonyepo. Amakaniko ankabwera ndi zoyezera zawo, a Tsidya ankangotukula chala.

Sitolo ya zipangizo za maboti inali kuseri kwa msika, m'kanjira konunkha phula ndi zingwe zatsopano. Mwini wake anthu ankamutcha a Zilipo, chifukwa ukafunsa chilichonse, ngakhale nthenga za ng'ona, ankayamba ndi kunena kuti zilipo, kenako n'kumakanda m'mutu. M'sitolomo munali mdima wozizira. Kudenga kunkalendewera anangula ndi maunyolo, ndipo mphepo ikalowa zinkagundana pang'ono, kulira ngati mabelu a kutali. A Tsidya anaima pakati pa sitolo n'kuiwala chimene anadzera. Pa alumali pafupi ndi zenera panali sefa ina yoonekera m'kati, ndipo dzuwa podutsa m'menemo linkaponya kuwala pakhoma, kuwala kogwedezeka ngati kuja kumasewera pansi pa denga la boti m'mawa. Anakuyang'ana nthawi yaitali.

"Madala, mwadzera katundu kapena mwadzera mthunzi?"

"Sefa ya madzi a injini."

"Zilipo. Imene mukuyang'anayo ndiye yabwera kumene."

"Botolo la masiwitilo? Ndipatseni yamkuwa."

A Zilipo anatsitsa zamkuwa zingapo. A Tsidya anasankha yokhala ndi mabawuti a timapiko, aja omasula ndi manja popanda sipanala. Mumtima ankati timapiko timeneto atha kutikankha ndi chikhatho. Sanayese kumasula, poti m'sitolomo munali anthu. Anangogundika chala chawo pa kamlomo ka sefa kamene kamalowa m'paipi. Kamlomo ka yoyamba kanaoneka kowonda, ka yachiwiri chimodzimodzi, ka yachitatu kanafanana ndi chala ndendende.

"Paipi yanu njaikulu choncho, madala? Boti lanulo ndi sitima?"

"Ndinayamba kugula mapaipi inu mukadali kubere."

"Chabwino, achikulire. Ikakana mubwere nayo, koma isakandike."

Inakana. Padoko, m'dzenje la injini, paipi inangopsompsona kamlomo kaja osalowa. A Tsidya anaiviika m'madzi otentha, anaipaka sopo, anaikankha ndi bondo. Ayi ndithu. Anati paipi yafota ndi dzuwa. Anati a Zilipo awasinthira sefa pokulunga. Mzime anali atakhala m'mphepete mwa dzenje, miyendo ili kunja monga mwa lamulo la bambo ake. Anamvetsera zonsezo. Kenako anaweramira m'kati, anatenga paipi ndi dzanja lamanzere, natenga dzanja la bambo ake ndi lamanja, n'kuika chala chija pakamwa pa paipi. Chinalowa chikhadabo chokha.

"Paipi ndi yomwe ija, Bambo."

A Tsidya sanachotse dzanja. Anayang'ana mfundo yotupayo, yofiira, yonenepa ngati ya mlendo. Muyeso umene anaudalira moyo wawo wonse unali utakula okha osadziwa. Madzi ankamenya m'mbali mwa boti pang'onopang'ono. Anakumbukira chala chomwecho chili chowongoka, chikutsetsereka m'paipi yatsopano tsiku limene anagula boti, akazi awo ali ndi pakati pa mwana woyamba, ataima padoko atagwira ambulera. Anadzifunsa kuti chala chimene chija chinapita liti, ndipo chinatsikira padoko liti iwo osachiona.

Mzime atapita kukatenga madzi akumwa, a Tsidya anayesa timapiko ta sefa yatsopanoyo ndi chikhatho. Sitinasunthe.

Ulendo wachiwiri anapita awiri. Mzime anadula kachidutswa ka paipi n'kukamanga pansonga ya mpango, ndipo bambo ake anayang'ana kumbali.

"Mwabwera ndi loya lero, madala?" anatero a Zilipo.

"Ndabwera ndi paipi," anayankha Mzime, n'kuika kachidutswako pakauntala. "Muyeso ndi uwu. Chala tachisiya kunyumba."

A Zilipo anayesa kachidutswako pa timilomo mpaka kanalowa bwino pa sefa ziwiri, ina yamkuwa ya timapiko, ina ija yoonekera m'kati. Anazigoneka pakauntala n'kutulutsa timadengu take.

"Kamlomo tathana nako. Tsopano kadengu. Ka timabowo ting'onoting'ono kamagwira ngakhale fumbi, koma kamatsekeka msanga. Ka timabowo tikulutikulu kamalekerera mchenga, pampu n'kumadyeka. Mtsinje wanu uli ndi chiyani?"

"Chilichonse," anatero a Tsidya. "Namasupuni, majumbo, tsiku lina ndinatulutsamo sokosi."

"Ndiye timabowo tapakatikati, koma kadengu kakhale kakakulu, kazitenga nthawi kudzaza. Chatsala n'chivundikiro. Chitseke bwino, chifukwa chikamaba mpweya pampu imayamwa mphepo m'malo mwa madzi. Koma chitsegukenso msanga. Tayesani nokha, madala, poti wotsegula ndinu."

A Tsidya anatulutsa manja m'matumba. Anayamba ndi yamkuwa. Anakanikiza kapiko ndi chikhatho, anakankha ndi phewa lonse, mitsempha ya m'khosi inaima. Kapiko sikanamve. Anasamukira ku yoonekera ija, imene chivundikiro chake n'chopotokola ngati cha botolo lalikulu. Anachikumbatira ndi manja onse awiri. Zala zinakana kupinda, zikhatho zinangoterereka pamwamba. Anayesanso. Kenako anabweza manja m'matumba n'kupita kukaima kukhomo, akuyang'ana mumsewu. Anali atamva kale nkhuku zikulira m'khutu.

A Zilipo, pofuna kuphimba manyazi a mkuluyo, anatenga botolo lawo la madzi akumwa, anatsegula sefa yoonekerayo, anathiramo, anatseka, anatseka timilomo ndi zala n'kuipendeketsa uku ndi uku.

"Onani mayi, siidontha. Labala yake njabwino."

A Tsidya anacheuka. Kuwala kwa pazenera kunali kutalowa m'madziwo, ndipo madzi ankazungulira m'kadengu, akutenga kuwalako n'kukusiya, kukutenga n'kukusiya. Anaiwala nkhuku. Kwa nthawi yoyamba ankaona m'kati mwa sefa muli madzi oyenda.

"Muli kaulusi kofiira," anatero ali kukhomo komweko.

"Kuti?"

"Kakuzungulira pansi. Kakola pakabowo tsopano."

Mzime anaweramira pafupi n'kukaona, kaulusi kochepetsetsa kochokera pamalaya a a Zilipo. A Tsidya anabwerera kukauntala pang'onopang'ono. Manja anali atatha, koma maso anali omwe aja oona chitsa m'nkhungu anthu onse asanachione. Anaima akuganiza. Sefa yamkuwa imakuuza kuti yadzaza injini itayamba kale kupsa, uli pakati pa madzi. Iyi ungaione ikudzaza, n'kuitsegula uli padoko, chingwe chili chomanga, popanda mayi wopemphera mokweza. Koma ngakhale padoko pafunika manja. Anayang'ana sefayo, anayang'ana mwana wawo. Kenako anaikankha ndi chigongono mpaka inafika patsogolo pa Mzime.

"Tatsegula."

Mzime anaigwira ndi dzanja lake lamanzere lija n'kuipotokola kamodzi. Inatseguka.

"Tatseka. Usamange chobwerera."

Anatseka.

"Mutikulungire yomweyi," anatero a Tsidya. "Ya kadengu kakakulu."

"Botolo la masiwiti lija, madala?"

"Kulungani, musalongolole."

Kunyumba akazi awo anawadikira pakhonde. Anayang'ana katunduyo, nayang'ana amuna awo.

"Tsegulani tione."

A Tsidya akanatha kupempha Mzime kuti amasuliretu chivundikiro panjira, chingotsala chogundika. Nzeru imeneyo inawadzera ali m'basi, ndipo anaikana. Sanali munthu wotero.

"Sinditha, mayi. Ndayesa ziwiri, zonse zandikana."

"Ndiye pangano mukulidziwa."

"Ndikulidziwa."

Mzime anakhala pansi pafupi ndi mayi ake. "Amayi, manja ine ndili nawo. Koma injini ikasintha mawu sindimva, ndipo nkhungu ikagwa sindidziwa pali mchenga ndi pali chitsa. Bambo akakhala pakhomo, boti ligona padoko mpaka kuwola. Sefa iyi iwo aziiyang'ana, ine ndiziitsegula."

"Nanga chiwongolero?" anafunsa mayi ake. "Ndaona mmene akugwirira supuni masiku ano. Agwira ndani?"

Nkhuku ina inadutsa pabwalo, ikuthamangira kudimba la aneba, ndipo palibe anaipirikitsa. A Tsidya anaitsatira ndi maso mpaka inalowa pansi pa mpanda. Chiwongolero chimenecho chinali chitasalala ndi thukuta lawo, ndipo panali malo awiri opendekeka pamene manja awo anadya mtengo.

"Wamanzereyu," anatero a Tsidya potsiriza.

Akazi awo anatenga botolo la mafuta. "Bweretsani manjawo. Pamadzi muzipita, koma manja m'thumba. Ndikadzamva kuti mwagwira hamala, ndidzabwera kudzakutsitsani ndekha anthu akuona."

Mzime analowa m'dzenje la injini tsiku lotsatira, miyendo yonse iwiri. Bambo ake anakhala m'mphepete, pamalo pa Mzime pakale paja, akulangiza. Anamuuza kuti aikweze pamwamba pa pamene madzi a kunja amalekezera, kuti akatsegula mtsinje usalowe m'boti. Anamuuza kuti paipi isapindike. Pa za mbali yoika sanalangize kanthu, ndipo Mzime anaimangirira kumanzere, moyang'anizana ndi benchi ya kumbuyo. Bawuti ngakhale imodzi sinamangidwe chobwerera. A Tsidya anazipenda zonse ndi maso.

Alipo anthu padoko amene amati a Tsidya anakondwa tsiku limene boti linabwerera pamadzi. Amanama. Pamene Mzime anagwira chiwongolero, mkuluyo anakhala pabenchi nkhope ili gwa, ndipo mayi wina atawapatsa moni sanayankhe. Koma injini italira, anagwetsa maso m'dzenje, ndipo sanawachotsenso.

Madzi anakwera m'sefa ndi thovu, kenako anakhazikika n'kuyamba kuzungulira. Sanali ngati a m'maloto awo. Sanali oyera mbee, ndipo sankayenda mofatsa. Anali ofiirira, achangu, odzaza timchenga tonyezimira timene tinkakwera ndi kutsika ngati fumbi la m'kuwala kwa pazenera. Kamuzu ka namasupuni kanalowa, kanavina pang'ono, kanagona pakadengu. Kanalowa kanthenga. Kanalowa kaduwa koyera kamene a Tsidya sanakaonepo m'mbali mwa mtsinje wawo, ndipo anadziwa kuti kachokera kutali, mwina kumapiri kuja. Zaka zonsezi zinthu zimenezi zinkadutsa pansi pa mapazi awo mumdima. Boti linkayenda, nkhungu inkang'ambika kutsogolo n'kutsekanso kumbuyo, ndipo mawu a okwera ankamveka ngati akuchokera m'chipinda china.

"Kumanja pang'ono," anatero osatukula mutu. "Pali mchenga apo, madzi ayera."

Mzime anakhotera kumanja.

Atatsala pang'ono kufika, m'sefa munalowa kansomba kakang'ono ngati chikhadabo. Kanatembenuka kuyang'ana kumene madzi akuchokera n'kuyamba kusambira pamalo amodzi, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo, maso ali tong'o. A Tsidya anakayang'ana, nako kanakhala ngati kakuwayang'ana, mpaka boti linagunda matayala a padoko.

Anthu atatsika, injini itazima, anati, "Mzime, tsegula."

"Sinadzaze, Bambo."

"Tsegula basi."

Mzime anatseka mpopi, anapotokola chivundikiro, anatulutsa kadengu. A Tsidya anatulutsa manja m'matumba n'kuwaphatikiza. Zala zopindikazo sizikanagwira sipanala, koma madzi zinasunga bwino. Mzime anakhuthuliramo kansomba kaja ndi timadzi pang'ono, iwo anaweramira kunja kwa boti n'kutsegula manja pansi pa madzi.

Kenako anadzuka, anapukuta manja pathalauza n'kuwabweza m'matumba monga anawalamulira akazi awo. Pamtunda panali pataima amayi a madengu ndi bambo wina wa njinga, akudikira. A Tsidya anakonza kukhosi.

"Tsidya! Tsidya! Wopita tsidya akwere!"